Fyuzi ikamangopsa pa injini ya boti, batire n'kusiya kudzaza

Pa mavuto omwe eni maboti a injini amakumana nawo pa nyanja ya Malawi, pali limodzi lomwe limadya ndalama mwakachetechete. Fyuzi ya injini imapsa, mwini boti n'kuikamo ina, nayonso n'kupsa. Pakatha masiku angapo batire limayamba kufooka, mpaka tsiku lina munthu akapotoza kiyi, sitata imangolira kamodzi n'kukhala chete.

Ambiri amaona ngati awa ndi mavuto awiri osiyana, choncho amagula mafyuzi ku sitolo ina ndi batire ku sitolo ina. Kawirikawiri gwero lake limakhala limodzi, ndipo limapezeka ndi zida zochepa: mita yoyezera magetsi yomwe amakaniko amaitcha multimeter, babu la galimoto, sipanala ndi buku la injiniyo. Kwa boti lonyamula anthu ku Nkhata Bay, la alendo ku Cape Maclear kapena la asodzi a ku Senga Bay, nkhaniyi ndi yokhudza moyo. Injini yokana kulira pakatikati pa nyanja m'nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imasiya boti likukankhidwa ndi mafunde popanda womuthandiza woyendetsa.

Komwe magetsi a injini amachokera

Pamwamba pa injini, pansi pa chivindikiro, pali gudumu lolemera lachitsulo lotchedwa flywheel. M'kati mwake muli maginito, ndipo pansi pake pali makoyilo a waya wa kopa omwe sayenda. Makoyilo otchajira batire amatchedwa stator, ndipo pa injini zing'onozing'ono amatchedwa lighting coil. Gudumulo likamazungulira, maginito amadutsa pafupi ndi makoyilo ndipo m'mawaya mumabadwa magetsi a mtundu wa AC, omwe amasinthasintha kolowera. Batire silingadzaze ndi magetsi otere chifukwa limafuna a DC, oyenda kolowera kumodzi.

Ntchito yosintha magetsiwa ndi ya kabokosi kakang'ono kotchedwa rectifier. M'kati mwake muli ma diode, tizipangizo tomwe timalola magetsi kudutsa kupita mbali imodzi yokha. Pa injini zazikulupo kabokosika kamakhalanso ndi regulator, yomwe imaletsa magetsi kupitirira pafupifupi 14.5V. Kuchokera pamenepo waya wofiira amatenga magetsi kupita ku batire, ndipo pa injini zambiri amadzera pa fyuzi. Ichi n'chifukwa chake fyuzi ikapsa, kutchaja nakonso kumaima.

Chomwe chimapusitsa anthu n'chakuti injini zambiri za two-stroke zimapitirira kuyenda bwinobwino ngakhale zonsezi zitafa. Moto wa mapulagi umachokera ku koyilo ina yapadera yomwe imadyetsa CDI, ndipo sudalira batire. Boti likhoza kuyenda mlungu wathunthu batire likungotha, woyendetsa osadziwa. Injini zamakono za four-stroke zomwe mafuta ake amapopedwa ndi pampu ya magetsi motsogozedwa ndi kompyuta zilibe chifundo chotere: magetsi akatsika kwambiri zimayamba kutsamwa, kenako n'kuzima.

Fyuzi yeniyeniyo ndi kachitsulo kopyapyala komwe adakapanga dala kuti kasungunuke magetsi akachuluka kupyola mlingo wake. Imakhala m'kachikwama ka pulasitiki kapena ka labala pa waya wofiira, pafupi ndi relay ya sitata. Pa injini zambiri za kukula kwapakati imakhala ya 20A, pomwe zina zing'onozing'ono zimagwiritsa ntchito ya 10A. Mafyuzi amapazi awiri ofanana ndi a m'galimoto amadziwika ndi mtundu: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A ndipo yobiriwira 30A. Nambala yoyenera ndi yomwe yalembedwa pa chotsekera chake kapena m'buku, osati ya fyuzi yomwe yapezeka momwemo, poti mwina adaikamo ndi munthu wina amene ankangofuna kufika kumtunda.

Fyuzi yakupsa siyenera kutayidwa msanga. Ikakhala yakuda m'kati, kachitsulo kake katamwazika, ndiye kuti magetsi ochuluka adadutsa kamodzin'kamodzi, zomwe zimachitika waya wa moto akakhudza chitsulo cha injini, kapena kuti shoti. Kachitsulo kakangodukira pakati mwaukhondo, nthawi zambiri ndiye kuti katundu wolumikizidwa pa fyuziyo wachuluka. Pulasitiki ikasungunuka cha ku mapazi, kachitsulo kali bwinobwino kapena katangopindika, vuto limakhala pa malo olowetsamo fyuziyo: dzimbiri kapena kukhwepa kumabweretsa kutentha ngakhale magetsi asanapyole mlingo.

Nthawi yomwe fyuzi yapsera

Funso lomwe makaniko wodziwa ntchito amayamba nalo ndi lakuti fyuzi ikupsa nthawi iti. Yankho lake limadula theka la ntchito, chifukwa mbali zosiyanasiyana za mawaya zimalandira magetsi pa nthawi zosiyana.

Ikapsa pomwe batire langolumikizidwa, kiyi asanakhudzidwe n'komwe, malo okayikitsa ndi ochepa. Pa nthawiyi magetsi amakhala ali pa waya wofiira yekha, wopita ku rectifier ndi wopita ku swichi ya kiyi. Choyamba kuona ndi batire lenilenilo, ngati mawaya ake sadasinthanitsidwe, wofiira pa mutu wa chizindikiro cha + ndipo wakuda pa wa chizindikiro cha -. Ngati ali bwino, achotse waya wofiira wa rectifier, amukulunge tepi, aikemo fyuzi ina n'kulumikizanso batire. Fyuzi ikapirira, wolakwa wapezeka: ma diode adapsa n'kusanduka njira yotseguka mbali zonse, ndipo magetsi a batire akungothamangira ku chitsulo cha injini. Apa ndi pomwe mavuto awiri aja amakumana, chifukwa rectifier yotere imaotcha fyuzi komanso siingatchaje. Ikapsabe rectifier itachotsedwa, achotse pulagi yaikulu ya mawaya opita kwa woyendetsa. Fyuzi ikapirira tsopano, shoti ili m'chingwe cha mawaya chodutsa m'boti kapena pa swichi ya kiyi.

Fyuzi yomwe imapsa kiyi akafika pa ON imaloza ku zinthu zomwe zimadya magetsi kudzera pa swichi: mawotchi oonetsa liwiro la injini ndi mafuta, belu lochenjeza za kutentha, ndi chilichonse chomwe munthu adawonjezera pa waya ameneyu. Pa injini za Yamaha waya wake ndi wachikasu. Apa m'pomwe pamapezeka mawaya a wailesi, a nyali ndi a potchajira mafoni, opotedwa ndi zala n'kukulungidwa pepala la pulasitiki.

Ikapsa pokhapokha kiyi akakankhidwira m'kati kuti choke igwire, koyilo ya choke kapena waya wake ndiye wavulala. Ikapsa pa START, kukayikira kumapita ku relay ya sitata, waya wake, omwe pa Yamaha ndi wabulauni, ndi kaswichi ka m'bokosi la giya komwe kamaletsa injini kulira ili m'giya. Pano anthu ambiri amathamangira kumasula sitata, koma magetsi ambiri omwe sitata imakoka sadzera pa fyuziyi, amadzera pa chingwe chachikulu chochokera ku batire. Sitata yakufa siiotcha fyuzi ya 20A kawirikawiri.

Vuto losautsa kuposa onse ndi la fyuzi yomwe imapirira padoko n'kukapsa boti lili pa liwiro, mwina patatha ola, mwina patatha masiku awiri. Apa kawirikawiri pamakhala waya amene chikopa chake chidaperepeseka, ndipo amangokhudza chitsulo injini ikamanjenjemera kapena boti likamenya funde. Malo ake amadziwika: pomwe mawaya amatulukira m'chivindikiro cha pansi kudzera pa labala, pomwe amapindika injini ikamakhotetsedwa kapena kutukulidwa, pafupi ndi flywheel, pansi pa zomangira zachitsulo, ndiponso pansi pa matabwa a boti pomwe pamaima madzi ndipo pamapondedwa. Makoswe nawonso amatafuna mawaya a injini zosungidwa m'nyumba.

Babu m'malo mwa fyuzi

Kufufuza shoti pootcha fyuzi imodzi pa kuyesa kulikonse n'kuwononga ndalama. Njira yakale ya amakaniko a magetsi a galimoto imagwiranso ntchito pa boti. Babu la 12V 21W, longa la indiketa, limalumikizidwa ndi mawaya awiri pa malo a fyuzi. Ngati pali shoti babulo limawala kwambiri, koma silimalola magetsi opyola pafupifupi 2A kudutsa, choncho palibe waya yemwe angapse. Kenako wofufuza amachotsa zinthu chimodzichimodzi: rectifier, pulagi yaikulu, choke, mawotchi. Chomwe chachititsa babu kuzima kapena kuzilala chikachotsedwa, ndicho chili ndi vuto.

Njirayi ndi yabwino kwambiri pa shoti yobwera mwa apo ndi apo. Kiyi ali pa ON, munthu mmodzi amayang'anitsitsa babu pomwe mnzake akugwedeza mawaya chigawo ndi chigawo, kukhotetsa injini mbali zonse ndi kuitukula. Babu likaphethira, dzanja lili pafupi ndi bala. Zonsezi zichitike injini itazima, chifukwa ngati magetsi otchajira amadzera pa fyuziyo, kuliza injini babu lili pamenepo kukhoza kuvulaza rectifier yabwinobwino.

Kuyeza ngati injini ikutchaja

Fyuzi ikasiya kupsa, ntchito siinathe. Mita iikidwe pa DC, nsonga zake zikhudze mitu ya batire yeniyeniyo, osati zomangira. Batire lodzaza lomwe lapuma kwa maola angapo limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likaonetsa 12.2V lili cha pa theka, ndipo pansi pa 12V ndiye kuti latha. Lomwe limakhala cha pa 10.5V ngakhale litachoka kotchajitsa, limakhala kuti chipinda chake chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi chidafa, ndipo kuyeza kulikonse kochitidwa ndi batire lotere kumanamiza.

Kenako injini ilizidwe, giya ili pa neutral, ndipo liwiro likwezedwe kufika cha pa 2,000 rpm. Izi zichitike boti lili m'madzi kapena mwendo wa injini uli mu mgolo wa madzi okwanira. Kuliza injini pouma, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kumawononga kalabala ka pampu yoziziritsira, ndipo munthu amene amafuna kukonza magetsi amapezeka wadzipangira vuto lina lokulirapo. Chivindikiro chikakhala chochotsa, malaya, zingwe ndi mawaya a mita zikhale kutali ndi flywheel.

Injini yomwe ikutchaja bwino imakweza nambala kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Nambala ikangokhala pomwe inali, kapena ikamatsika, palibe chomwe chikulowa m'batire. Pamenepo mita isunthidwe kukayeza pa waya wofiira pomwe akutulukira mu rectifier. Ngati pamenepo nambala ndi yokwera koma pa batire ndi yotsika, rectifier ilibe mlandu. Njira yaduka pakati, mwina pa fyuzi, pa polumikizira pobiriwira ndi dzimbiri, kapena m'kati mwa waya amene akuoneka wabwino kunja. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, choncho dzimbiri limachedwa kusiyana ndi m'nyanja zikuluzikulu, koma limabwerabe, ndipo injini yakale yomwe idagwirapo ntchito m'madzi amchere imafika nalo kale m'mawaya.

Nambala yopyola 15V pa injini ya regulator imasonyeza kuti regulator yafa. Koma injini zing'onozing'ono zomwe zili ndi rectifier yokha zimatha kufika 15V kapena 16V pa ulendo wautali batire litadzaza, ndipo umo ndi momwe adazipangira. Injini zoterezi zimayenerana ndi batire la zitsekero lomwe munthu angathe kuthiramo madzi a batire, chifukwa madzi ake amaphwera msanga. Batire lomata kotheratu silichedwa kufa pa injini yotere.

Rectifier imayezedwa itachotsedwa mawaya onse, mita ili pa chizindikiro cha diode. Pakati pa waya wofiira ndi waya aliyense wochokera ku stator, mita iyenera kuonetsa cha pakati pa 0.4 ndi 0.7 mbali imodzi, ndipo nsonga zikasinthanitsidwa isaonetse kanthu. Ikaonetsa pafupifupi 0 mbali zonse, diode ili pa shoti. Ikapanda kuonetsa kanthu mbali zonse, diode idaduka, ndipo rectifier yotere siitchaja mokwanira ngakhale siiotcha fyuzi. Mabokosi ena okhala ndi regulator amapereka nambala zosiyana ndi izi ali abwinobwino, choncho buku la injini ndilo limaweruza. Chizindikiro china chaulere ndi wotchi ya liwiro la injini: pa injini zambiri imawerenga kuchokera ku mawaya a stator, motero muvi wake ukayamba kudumphadumpha kapena kugona pansi, rectifier imakhala ili m'njira yakufa.

Stator nayo iyezedwe. Mawaya ake ndi obiriwira pa Yamaha, pomwe pa Mercury, Johnson ndi Evinrude ndi achikasu. Pakati pa mawayawa mita imaonetsa nambala yaing'ono kwambiri, kawirikawiri yosafika 1 ohm, ndipo pakati pa waya ndi chitsulo cha injini sipayenera kukhala njira, pokhapokha buku litanena zina. Injini ikamalira, mita ili pa AC, nambala iyenera kukwera limodzi ndi liwiro. Koyilo yakupsa imadziwikanso ndi fungo komanso kuda kwa utomoni wokutira mawaya ake. Kuifika kumafuna kuchotsa flywheel ndi chokokera chake chapadera. Kuimenya ndi hamala kumathyola maginito kapena kuvulaza shafiti.

Chomwe chimapha rectifier

Rectifier siimangofa yokha kawirikawiri. Imaphedwa, ndipo nthawi zambiri imaphedwera pa mitu ya batire. Kulumikiza batire mozondotsa, ngakhale kwa kamphindi kongothwanimitsa moto, kumatsegula ma diode onse nthawi imodzi ndipo amapsa pomwepo. Zimachitika kwambiri m'bandakucha kapena usiku, batire likamabwezedwa m'boti kuchokera kotchajitsa, mawaya onse awiri atada ndi mafuta mwakuti wofiira sakudziwikanso. Kupaka penti yofiira kapena kumanga kansalu pa waya wa + ndi pa mutu wake kumateteza chipangizo chodula ndi chinthu chosafuna ndalama.

Chachiwiri ndi chizolowezi chochotsa waya wa batire injini ikulira, pofuna kuona ngati ikutchaja kapena pofuna kukalizira boti la mnzake ndi batire lomwelo. Pa injini ya boti kuyesa kotereku sikuonetsa kanthu, poti two-stroke imapitirira kulira ngakhale isakutchaja, koma magetsi omwe asowa kolowera amakwera mwadzidzidzi n'kuboola ma diode. Zomangira zokhwepa zimachita zomwezo mobisa, chifukwa boti likamadumpha mafunde batire limakhala likulumikizika ndi kuduka kambirimbiri. Manati amapiko omangidwa ndi zala ndi omwe amakhwepa msanga. Nati wamba womangidwa ndi sipanala ndiye amagwira. Batire lenilenilo limangiriridwe m'bokosi kuti lisamayendeyende m'boti.

Palinso nkhani ya katundu. Injini zambiri za two-stroke zing'onozing'ono ndi zapakati zimapereka pafupifupi 6A, kapena kuti 80W, ndipo izi ndi pa liwiro lalikulu. Injini ikamangoguguda pamalo amodzi imapereka zochepa kwambiri. Mababu anayi a 21W amadya 84W, yomwe ndi 7A pa 12V, kupyola kale zomwe injini ikupanga. Mababu khumi a LED a 5W amadya 50W, pafupifupi 4A. Mwini boti amene batire lake likutha usiku uliwonse ayenera kuchita masamu amenewa asanaimbe mlandu injini, chifukwa kugula batire latsopano pa katundu wotere kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Nyali, pampu yotulutsa madzi ndi wailesi zitenge magetsi ku batire kudzera pa fyuzi yakeyake yoikidwa pafupi ndi batirelo, osati pa waya wa kiyi.

Asodzi a usipa ali ndi mbali yawo pa nkhaniyi. Injini zambiri za maboti a chilimira ndi zoliza ndi chingwe ndipo sizifuna batire, koma kufala kwa nyali za LED m'malo mwa nyali za parafini kwabweretsa mabatire m'manja mwa asodzi. Injini zina zotere zili ndi lighting coil yomwe mawaya ake amangokhala osalumikizidwa. Mawaya amenewa amatulutsa AC, ndipo kuwalumikiza mwachindunji ku batire sikutchaja kanthu. Batire ndilo limakhuthulira magetsi ake m'koyilomo mpaka kuiotcha. Pafunika rectifier yoyenera injiniyo ndi fyuzi pa waya wofiira.

Boti likakhala pakati pa nyanja

Fyuzi yomaliza ikapsa boti lili kutali ndi mtunda, chiyeso chimakhala choikapo kawaya, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Kutero kumachotsa chitetezo chokhacho chomwe chilipo. Batire la boti likhoza kutulutsa magetsi mazanamazana a ma amp pa shoti, okwanira kufiiritsa waya m'kanthawi kochepa, ndipo m'boti laling'ono waya ameneyo amakhala pafupi ndi thanki ya petulo ndi paipi yake. Kuika fyuzi ya 30A pa malo a ya 20A ndi ngozi yomweyo, kungoti imachedwerapo.

Njira yabwinopo ndi kuzimitsa injini, kuchotsa waya wakuda wa batire, kenako kuchotsa mawaya onse a rectifier, wofiira ndi a stator omwe, n'kuwakulunga tepi aliyense payekha. Ngati rectifier ndiyo inali ndi vuto, fyuzi yapadera ipirira ndipo boti lifika kumtunda ndi magetsi otsala m'batire, nyali zosafunika zitazimitsidwa. Injini zambiri za two-stroke zikhozanso kulizidwa ndi chingwe chokulunga pa flywheel, giya ili pa neutral, ndipo opanga injini amapereka chingwe chadzidzidzi chotere pamodzi ndi zida. N'chanzeru kuyeserera kalizidwe kameneka padoko masana, m'malo mokaphunzirira mumdima mafunde akumenya.

Pogula rectifier ina, nambala ya mtundu wa injini yomwe ili pa kachitsulo ka pa chomangira injini ku boti ndiyo itsogolere, popeza mabokosi ofanana maonekedwe amasiyana mphamvu ndi kalumikizidwe. Ya njinga yamoto ikhoza kulowa pa bauti yomweyo koma osapirira. Yatsopanoyo isamangidwe stator isanayezedwe ndiponso mitu ya batire isanatsukidwe ndi kumangidwa, apo ayi nayonso ipsa ngati inzake. Imangidwe molimba pa chitsulo choyera chopanda penti kapena dzimbiri, chifukwa kutentha kwake kumatulukira pamenepo, ndipo waya wake wakuda agwire bwino thupi la injini. Polumikiza batire, wofiira ndiye ayambe, wakuda atsirize, kenako mita ibwererenso pa mitu ya batire injini ili pa 2,000 rpm.